Ukwati wa m'dzinja: zithunzi zisatiphetse

Tili ana, agogo akatipeza tikukomba mumphika ankatiopseza kuti mtsikana wodyera mumphika, tsiku la ukwati wake kudzagwa chimvula. Titakula tinazindikira kuti ankangoteteza ndiwo zawo. Koma Januwale wa chaka chatha mawu aja ndinawakumbukira ndipo ndinaseka ndekha, chifukwa ngati anali oona ndiye kuti mwana wa achemwali anga anakomba miphika ya mudzi wonse.

Ukwati wake unachitikira kuno ku Mitundu, pa tsiku loyamba la sabata monga mwa chizolowezi chathu. Mkwati kwawo ndi cha ku Nathenje koma amagwira ntchito ku Johannesburg. Anabwera pa tchuthi cha Disembala, ndipo pakati pa Januwale ankayenera kubwerera. Tonse timadziwa kuti nyengo yabwino ya maukwati ndi pamene anthu akolola n'kugulitsa soya, mtedza ndi chimanga, misewu ili youma. Komabe maukwati a m'dzinja sadzatha, chifukwa ndi pamene abale a kutali amapezeka ndipo ana amakhala atatsekera sukulu. Sindikuletsa aliyense. Ndikungoti wosankha tsiku pakati pa Novembala ndi Epulo asankhe akudziwa mwambi uja wakuti walira mvula walira matope.

Tsikulo kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Mwambo unayenera kuyamba 9 koloko, koma mkwatibwi anachedwa kokonzetsa tsitsi, galimoto ina inachedwa kokongoletsedwa, ndipo abusa anayamba itakwana 11. Pamene timatuluka m'tchalitchi cha m'ma 1 koloko, mitambo yakuda inali itaunjikana cha ku Dzalanyama, kamphepo kozizira kakuulutsa velo. Wojambula anali atasankhiratu malo: pansi pa mkuyu waukulu m'mbali mwa dambo, pomwe phiri la Bunda limaoneka bwino kumbuyo. Anali ataonetsa kale mtsikanayo zithunzi za ukwati wina zojambulidwa pomwepo, ndipo mtima wake unali pamenepo kwa miyezi itatu.

Kunang'anima. Ndinayamba kuwerenga chamumtima, ndipo bingu linagunda ndisanafike pa 12. Ndinakaima kutsogolo kwa galimoto ya akwati.

"Amayi aang'ono, chonde," anatero mwanayo misozi ili m'maso. "Diresi ili ndi lobwereka, mawa likubwerera. Ana anga ndidzawaonetsa chiyani?"

"Mayi, ndi mphindi khumi zokha, tithamanga," wojambula anaonjezera kamera ili kale m'khosi.

Ndinati, "Mwana wanga, unditukwane mawa, koma pansi pa mtengo uja lero supitapo." Anthu anayamba kung'ung'udza kuti mayi a zaumoyowa aonjeza. Anandipulumutsa ndi amalume ake, omwe anali ankhoswe. Anayang'ana kumwamba, n'kungoti, "Tiyeni tonse tibwerere m'tchalitchi." Tisanamalize n'kulowa komwe, chimvula chinatsika.

Kunena zoona, mkuyu uja mphenzi sinauombe. Ulipo mpaka lero, ndipo alipo abale amene amanenabe kuti ndinasokoneza zinthu popanda chifukwa. Ine sindidandaula. Chaka chilichonse m'dzinja timamva pa wailesi za anthu ofa ndi mphenzi m'maboma osiyanasiyana, ndipo kawirikawiri nkhani yake imafanana: anali kumunda, anali pa bwalo la mpira, kapena anathawira mvula pansi pa mtengo. Mphenzi imakonda chinthu chachitali choima pachokha pamtetete. Ikaomba mtengo, mphamvu yake imadumphira kwa amene waima pafupi, kapena imayenderera m'nthaka yonyowa n'kugwetsa gulu lonse nthawi imodzi. Ganizirani anthu 20 atathithikana pamodzi kuti onse akwane m'chithunzi. Sipafunika mfiti kuti maliro achitike pamenepo.

Kuwerenga kuja ndi njira yakale koma yothandiza. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, pamene phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu. Masekondi 12 anga aja anatanthauza kuti mphenzi inali pa makilomita anayi okha. Ngati bingu lagunda musanafike pa 30, muli kale pangozi. Lowani m'nyumba ya njerwa, kutali ndi zitseko, mawindo ndi nthambo za magetsi, kapena m'galimoto yotseka magalasi. Tenti yokhala ndi mapaipi achitsulo si pothawira, pamwamba pa lole si pothawira, ndipo khonde nalo silikwanira mabingu akamagunda pafupi. Bingu lomaliza likamveka, dikirani mphindi 30 musanatuluke. Ndipo wina akaombedwa, musaope kumugwira, magetsi satsalira m'thupi mwake. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada ndi kupsinja pakati pa chifuwa mwamphamvu komanso mofulumira osalekeza, ena akufunafuna galimoto yopita kuchipatala. A Pathfinder athu amaphunzira zimenezi. Pa ukwati tisamangowagwiritsa ntchito yonyamula mipando.

Tinakhala m'tchalitchi kupitirira ola. Akwaya anaimba ngakhale malata ankasokosa moti mawu sankamveka bwino, agogo a mkwatibwi anafunditsa tiatsikana ta maluwa zitenje zawo, ndipo mkwatibwi anakhala ndwii osandiyang'ana. Kenaka mabingu anapita kutali mpaka kuleka, mvula inasanduka yowaza. Wojambula, amene sanandilankhule nthawi yonseyi, anatuluka pakhonde, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuitana akwati. Zithunzi zimene anajambula pakhonde paja ndi zimene zili pakhoma kwa achemwali lero, ndipo ndi zokongola kuposa za maukwati ambiri a m'chilimwe amene ndaonapo.

Pambuyo pake tinagwirizana ndi mnyamata wojambulayo, ndipo anandifotokozera chifukwa chake. Mdani wa zithunzi za ukwati si mitambo, ndi dzuwa la paliwombo. Khungu lathu ndi lakuda, diresi ndi loyera. Pa dzuwa la Okutobala, kamera imalephera kusamala ziwirizi nthawi imodzi. Ikafuna kuonetsa bwino diresi, nkhope imada bii. Ikafuna kuwalitsa nkhope, diresi limangoyera mbuu osaonekanso mikanda kapena maluwa ake. Onjezerani maso otsinzina, thukuta pamphumi, mithunzi pansi pa maso ndi fumbi pa nsapato. Mitambo ili ngati nsalu yoyera yoyalidwa kutsogolo kwa dzuwa. Kuwala kumabwera kofewa kuchokera mbali zonse, nkhope ndi diresi zimaoneka pamodzi. Mvula ikangokata, mpweya umakhala wopanda fumbi ndi utsi, chimanga chili biriwiri, phiri likuoneka ngati lasendera pafupi. Amene amakwatirana mu Seputembala kumbuyo kwawo kumakhala tchire lopsa.

Vuto lenileni la tsiku la mvula ndi mdima wa m'kati. Matchalitchi athu ambiri mawindo ake ndi ang'ono, ndipo mvula ikabwera magetsi amakonda kuthima. Mumdima kamera imachedwa kutenga chithunzi, choncho munthu akangogwedezeka pang'ono nkhope imatuluka yosaoneka bwino. Mankhwala ake ndi osavuta. Mabingu akaleka, akwati aime pafupi ndi khomo kapena pakhonde, nkhope zitaloza kumene kukuchokera kuwala, wojambula atafulatira kuwalako. Ambiri timachita zosemphana. Timaimika anthu atafulatira windo, ndiye m'chithunzi mumatuluka windo lowala ndi mithunzi ya anthu. Zimenezi zikukhudzanso inu ojambula ndi foni: pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu youma, gwirani foni ndi manja awiri, ndipo musakokere chithunzi pafupi ndi zala, senderani nokha.

Ambulera nayo ili ndi nkhani yake. Maambulera aakulu ofiira kapena obiriwira aja a makampani a foni amapaka mtundu wawo pankhope ndi pa diresi, mkwatibwi n'kuoneka ngati akudwala. Komiti igule kapena ibwereke awiri oyera, kapena oonekera mkati aja. Ambulera imodzi yoyera, anthu awiri pansi pake, ndi chithunzi chimene wa m'chilimwe sangachipeze ngakhale atalipira bwanji.

Za diresi. Katondo wa kwathu kuno akalowa m'nsalu yoyera satuluka msanga, ndipo obwereketsa amalipiritsa. Mkwatibwi avale patapata kapena majombo mpaka pakhomo pa tchalitchi, nsapato za ukwati zili m'jumbo. Mayi mmodzi wodekha apatsidwe ntchito imodzi yokha, yonyamula mchira wa diresi ndi kuukulunga m'chitenje choyera bwino poyenda panja. Matope akadontherapo musatikite akadali onyowa, mumangowalowetsa mkati. Asiyeni aume, kenaka sasani.

Chimene ndinaphunzira kwambiri n'chakuti mvula sinatilakwire. Tinalakwa ndife, pochedwa maola awiri. Kwathu kuno mvula ya mabingu imakonda masana ndi madzulo, m'mawa nthawi zambiri kumakhala bwino, kupatula pamene kwagwa mvumbi wa tsiku lonse. Tikanayamba 9 koloko monga zinalembedwera pa khadi, tikanajambula pa mkuyu paja dzuwa likuwala n'kubwerako mitambo isanasonkhane. Ukwati wa m'dzinja uziyamba 8 koloko, ndipo 8 yake ikhale yeniyeni. Tsitsi likonzedwe Lachisanu m'mawa kapena Sabata likangotuluka, osati m'mawa wa tsikulo.

Apa ife a Adventist tili ndi chathuchathu choti tiganizire. Ena amene amakwatitsa Loweruka amakhala ndi tsiku lathunthu la dzulo lake lothamangathamanga. Ife dzulo la ukwati ndi Sabata. Kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwake tsiku lotsatira sitikhoma tenti, sitiwaza nkhuni, sitipita kumsika. M'miyezi imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndiye chotsala ndi usiku umodzi, mwinanso wa mvula. Choncho zonse za mvula zithe pofika Lachisanu masana. Nkhuni zilowe pansi pa denga Lachinayi, chifukwa nkhuni zonyowa zimachedwetsa nsima ndipo utsi wake umapweteka maso ndi zifuwa za amayi a Dorika ophika. Ngalande zozungulira tenti ndi pophikira zikumbidwe. Holo kapena kalasi yothawirako ipemphedwe kale, ndipo makiyi ake adziwike ali ndi ndani. Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza pa wailesi mmene kunja kukhalire. Wina wa m'komiti azimvetsera sabata yonseyo. Ndaonapo akulu a mpingo atakhala m'kalasi ya Sukulu ya Sabata thupi lokha, mtima uli pa tenti imene sinakhomedwe. Kukonzekera msanga kumatetezanso Sabata lathu.

Wojambula mukambirane naye poyera musanapereke ndalama yoyamba, ndipo zolankhulanazo zilembedwe. Kukagwa mvula tikajambulira kuti? Ali ndi batire lachiwiri, popeza magetsi angathe kuthima usiku wonse? Ali ndi chophimbira kamera? Ngakhale pulasitiki yobooledwa pa galasi imathandiza. Ngati kwagwa mvumbi, angabwerenso tsiku lotsatira m'mawa diresi lisanabwezedwe, ndipo pa mtengo wanji? Mumupatsenso mndandanda waufupi wa zithunzi zimene siziyenera kuphonyedwa, ndipo pamwamba pake pakhale okalamba. Anzawo a mkwatibwi angadikire, adzajambulana chaka chamawa. Agogo sangaime pa chinyezi ola lathunthu.

Nkhani ya msewu ndiifupikitsa, koma ndi yoopsa ngati ya mphenzi. A kuchimuna ochokera ku Nathenje ankafuna kudutsa njira zachidule za fumbi kuti asunge mafuta. Amalume anawauza kuti azungulire pa tala, atsate M1 mpaka pokhotera ku Bunda n'kutsika nawo msewu wa Mitundu. Ndi kutali, inde, koma timitsinje tathu timadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwera kumtunda kumene simukukuona. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu ndipo amatha kukokolola galimoto yaing'ono. Lole yodzaza ndi amayi oimba ikatsetsereka pa matope, ukwati umasanduka maliro. Chimodzimodzi mwambo watsopanowu wothamangitsa akwati ulendo wa makilomita oposa 30 kupita mu mzinda wa Lilongwe kukajambulitsa pa kapinga, alendo akudikira ndi njala, dalaivala akupikisana ndi mitambo. Mayi White m'buku la The Adventist Home amalangiza kuti mwambo wa ukwati usakhale wodzionetsera kapena wosakaza chuma. Ine ndimaona kuti masiku ano kudzionetsera kwathu kwathawira mu zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook.

Kumadyerero yang'anani nthambo. Zolumikizira za zokuzira mawu zisagone pansi ponyowa pamene ana akuthamanga opanda nsapato. Zikwezedwe ndi kukulungidwa. Jenereta isalowetsedwe m'holo kapena m'tenti pothawitsa mvula. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire. Imangireni kamsasa kake panja.

Tsopano madzi ndi chakudya, pakuti ndikapanda kunena ndiye kuti tsamba lino si langa. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Mvula yamphamvu imakokolola zonyansa kupita m'zitsime zosatetezedwa, zimbudzi zina zimasefukira, ndipo pa ukwati anthu mazana amadya kuchokera m'miphika imodzi. Madzi onse akumwa ndi otsukira makapu a thobwa athiridwe WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amapereka, motsatira muyeso wake, n'kudikira mphindi 30. Beseni limodzi losambiramo m'manja mzere wonse lija tilisiye; madzi azithiridwa kuchokera m'jagi kapena m'ndowa ya mpopi, sopo ali pomwepo. Chakudya chiperekedwe chikadali chotentha. Mvula ikachedwetsa pulogalamu monga inatichitira ife, mpunga ndi nyemba zimakhala maola ambiri zikuzizira, ntchentche zikuterapo. Zivundikiridwe ndipo zitenthetsedwenso mpaka nthunzi. Paketi zingapo za Thanzi zikhale m'chikwama cha wa zaumoyo. Alendo ogona apatsidwe maneti, popeza dzinja ndi nyengo ya udzudzu. Malungo amaonekera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mlendo atabwerera kale kwawo, ndipo amene akhala nthawi yaitali kunja, monga a ku Johannesburg, amawagwira mwamphamvu. Auzeni kuti akamva kutentha thupi akayezetse msanga ndipo akanene kumene anali.

Pali china chimene chimanong'onedwa m'makomiti, ngakhale a m'mpingo. Sabata ya ukwati ikayandikira, wina amati akudziwa munthu amene amatha kuimitsa mvula, angofuna kangachepe. Pa ukwati wathu nkhaniyi inabwera kudzera kwa wachibale wina, ndipo achemwali anaikana pomwepo. Abale, tisayambe banja la ana athu ndi zimenezo. Ndalama zipita, mvula igwabe, ndipo chikhulupiriro chomwecho ndi chimene chimachititsa kuti kukachita ng'amba anthu aziloza chala agogo osalakwa kuti amanga mvula. Ngakhale pemphero lenilenilo tiliganizire. Makolo athu akale ankapita kwa Makewana ku Msinja ndi pa phiri la Bunda lomweli kukapempha mvula. Ife sitipembedza kumeneko, timadziwa Mwini mvula, koma iwo ankazindikira kuti mvula si mdani. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Tsiku limene ife tikupempha kuti kuwale chifukwa cha velo, mnansi wathu amene wathira feteleza wa ngongole akuyang'ana mitambo yomweyo ndi pemphero lina. Ine ndinasiya kupempherera kuti mvula isagwe pa ukwati. Ndimapempherera kuti onse afike bwino ndi kubwerera bwino.

Zithunzi zikatuluka, dzinja limazilondolabe. Musakhutire ndi zimene mwatumiziridwa pa WhatsApp, zimakhala zochepetsedwa ndipo foni ikatayika zapita. Pemphani zonse pa fulashi, ndipo zikopedwenso pena, kwa m'bale wa nyumba ina. Zimene mumazikonda zitsukitseni. Chinyezi chimameretsa nkhungu ndi kumamatiza zithunzi, choncho alubamu isakhale pansi pa bedi kapena m'sutikesi yogunda khoma lonyowa, ndipo felemu isapachikidwe pa khoma limene limayamwa madzi. Za ukwati wanga zinamamatirana m'katoni chaka china denga litadontha, ndipo ndinapulumutsapo zitatu zokha.

Mtsikana uja anandikhululukira patapita masabata awiri, zithunzi zitafika. Anandiimbira foni ali ku Johannesburg. "Amayi aang'ono, mwachiona cha agogo chija?" Ndi chimene chinajambulidwa koyambirira pakhonde paja. Ku mkuyu agogo sakanapita nawo, miyendo inali itayamba kale kuwavuta, ndipo m'galimoto munalibe malo awo. M'chithunzimo akhala pa mpando wa pulasitiki pakati pa akwati, afunda juzi ya amalume pamwamba pa chilundu chawo, madzi akutsika pa malata kumbuyo kwawo ngati mikanda. Sakuyang'ana kamera. Akuyang'ana kumunda wa chimanga kuseri kwa tchalitchi, ndipo akumwetulira. Anatisiya mu Julayi chaka chomwecho, ndipo pa mwambo wa maliro chithunzi chimene chinaikidwa patsogolo chinali chomwecho, atachidula kuti atsale okha.